Kalaliki M'khola la Namfumu

Makalata otsatirawa ndawasanja potsata masiku amene analembedwa, osati amene anafika, pakuti m'chaka chimenecho positi ya ku Luwingu inkayenda monga mwa kufuna kwa mvula. Anga ndawatenga pa makope amene ndimasunga. A mlongo wanga, Bana Lombe, ndi a mwana wake Lombe ali monga anawalembera. Kwathu mayi timamutchula Bana ndipo bambo Bashi, kenako dzina la mwana wake. Ndangowongola zilembo zopunduka. Ndachita zimenezi chifukwa nkhaniyi yakhala ikukambidwa mokhota pa maliro ndi pa maukwati a kwathu, ena mpaka kumanena kuti ndinakwatitsa mwana wa mlongo wanga ndili m'tulo. Amene ali ndi maso adziwerengere yekha.

E. K. Chitalu, mlembi wosunga kaundula (wopuma)

*

Kitwe, 7 Malichi 1983

Bana Lombe, mlongo wanga,

Landirani moni, inu ndi onse a pakhomo. Kuno tili bwino, kupatula mkazi wanga, Bana Chilufya, amene akudandaula mawondo. Mundidziwitse za moyo wanu, za denga la nyumba ya malemu amayi, ndiponso ngati chinangwa chapirira mvula ya chaka chino.

Ndili ndi nkhani ziwiri, ndipo musazisakanize.

Yoyamba ndi ya nkhuku. Pamene ndinabwera komaliza ndinaona kuti nkhuku zanu ndi zazing'ono ngati njiwa, zimaikira pamene zakumbukira, ndipo mazira ambiri amathera m'mimba mwa agalu. Choncho ndagula thadzi loyera lachizungu pa famu ina ya kuno, la mtundu woikira tsiku ndi tsiku. Ndalipereka kwa Ba Mwaba, oyendetsa lole ya feteleza, amene anyamuka mawa. Kalatayi sindinawapatse, chifukwa pepala silisungitsidwa kwa munthu wa manja a girizi. Ikubwera pa positi, mwa dongosolo lake.

Thadzili musalitaye pakati pa zinzake tsiku lomwelo. Nkhuku zili ndi maudindo awo monga anthu a mu ofesi, ndipo mlendo amayamba walawa mlomo wa aliyense. Mulivundikire ndi dengu lalikulu la mipata pakati pa bwalo, kuti zinzake ziziliona koma osalifikira, mpaka zitatopa nalo. Gaga muziwaza malo awiri otalikirana. Mudzaona kuti mlomo wake ndi wodulidwa kunsonga. Amatero ku famu kuti zisamajomphane. Si matenda, si ufiti, musaitanire munthu wa zitsamba.

Yachiwiri ndi ya Lombe. Munandilembera kuti shibukombe, mkhalapakati wa a kwa Sampa, wabwera kale ndi mbale zake zovundikira zofunsira ukwati ndipo akudikira mawu a malume, popeza bambo a mwanayo kulibe. Mawu anga ndi awa: ayi. Sampa ameneyu ndamva kuti amagulitsa nsomba zouma pa njinga. Munthu amene chuma chake chonse chaima pa matayala awiri, minga imodzi imakwanira kumusandutsa wopempha. Lombe anafika Fomu 3. Ndamupezera malo pa sukulu ya taipi kuno, ndipo mu ofesi mwathu muli mnyamata wa khalidwe, Lazaro Kapembwa, amene amafika pantchito chitseko chisanatsekulidwe ndipo sanasocheretsepo fayilo. Mbalezo zibwezedwe mwaulemu.

Ndine mlongo wanu,
Evaristo Kangwa Chitalu

*

Luwingu, 13 Malichi 1983

Bashi Chilufya, mlongo wanga,

Ndagwada, ndawomba m'manja. Ife tadzuka, kaya inu ndi mlamu wanga ndi ana. Mvula kuno ikugwa ngati ili nafe pa mlandu. Mukapeza mpata mutiponyereko sopo ndi mchere, chifukwa kusitolo mashelefu akungoyang'anana.

Zikomo, mlongo wanga. Ndinkakuyesani munthu wouma mtima, ndalapa.

Lachinayi masana Bashi Mumbi, shibukombe uja, anali atakhala pansi pa mango, nkhope itakwinyika ngati chikwama cha fodya. Akuti, "Bana Lombe, nsapato zanga zathera pa njira ino. Kodi malume akewo ali ku Kitwe kapena kumwamba? Pakuti ngakhale kumwamba amayankha."

Ine ndikuti, "Pepani, Bashi Mumbi, mlongo wanga sayankha ngati wogulitsa tomato. Amayamba wafufuza m'mabuku."

Ndisanatseke pakamwa, lole ija ili vuu pamsewu. Ba Mwaba atsika atanyamula katoni yobowolabowola. Akuti, "Katundu wa Ba Chitalu uyu. Andiuza mawu amodzi okha, akuti ifike yamoyo."

"Kalata?"

"Palibe, mayi. Manja angawa akuti ndi akuda."

Bashi Mumbi anasuzumira m'katonimo, navula chipewa. Akuti, "Mwaona? Amuna enieni salankhula zambiri. Mbale zili m'nyumba, malume atumiza nkhuku, yoyeranso. Mukufunanso kalata yanji? Akuti phikirani mkamwini!" Ine ndinangomva nthungululu yatuluka yokha pakhosi panga. Amayi a kuseri anathamanga kusiya mitondo asanathe kusinja, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kwa a Sampa.

Koma ndinene zoona, nkhukuyi singapite pamaso pa mkamwini momwe ililimu. Pachifuwa ndi fupa lokhalokha ngati mpeni, khosi lili mbee, mlomo ngati anautsekera pachitseko. Tiyamba tainenepetsa. Taipatsa dzina lakuti Kalaliki, chifukwa wavala zoyera, sadziwa kupalasa, amangoima pakati pa bwalo kudikira kuti chakudya chimupeze pa nthawi yake.

Ndinamudula nthenga za kumchira n'kuziponya pamoto kuti aiwale njira ya ku Kitwe, kenako ndinamumasula. Mukumukumbukira Namfumu, thadzi langa lakuda lija, mayi ndi gogo wa khola lonse? Anabwera osafulumira. Anamuyang'ana ndi diso ili, natembenuka n'kumuyang'ananso ndi linali, basi jo! pamutu. Atatha iye kunabwera wachiwiri wake, kenako wachitatu, mpaka kamsoti kotsimphina kamene sikanamenyepo chamoyo chibadwire. Tambala anangoyang'ana kumbali ngati wapolisi pa ndewu ya amayi. Mvula itayamba zonse zinathawira pansi pa nkhokwe. Kalaliki anaima pabwalo n'kumayang'ana kumwamba kuti aone amene akumuthira madzi.

Musadandaule, azolowera. Mutiuze tsiku limene mungakonde kuti mkamwini adye.

Ine mlongo wanu,
Bana Lombe

*

Kitwe, 25 Malichi 1983

Bana Lombe,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, pakuti munthu wodwala sangakhale ndi mphamvu zosokoneza zinthu chotere. Sopo ndi mchere ndatumiza. Chonde pasapezeke wina womasulira kuti mcherewo ndi chilolezo cha ubatizo.

Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira. Nkhuku ija si yankho. Yankho langa lili m'kalata ya pa 7 Malichi, ndime yomaliza, ndipo ndi ayi. Kodi mbalame yopanda mlomo inayamba liti kulankhulira munthu amene ali ndi cholembera?

Komabe ndine mwana wa komweko, ndipo ndikudziwa kuti nthungululu ikatuluka sibwerera kukhosi. Nditati ndilamule lero kuti mbale zibwezedwe, dzina la malemu amayi lisanduka nyimbo ya pamtondo, yakuti kwa Chitalu amapereka nkhuku ndi dzanja lamanja n'kuilanda ndi lamanzere. Ndikudziwanso kuti kwathu mwamuna sayesedwa mkamwini kufikira atadya nkhuku ya malume. Choncho chigamulo changa ndi ichi: nkhukuyo isaphedwe. Sampa asalawe ngakhale msuzi wake. Nkhani iime pamene yaimapo kufikira Ogasiti, pamene ndidzabwere pa tchuthi kudzaimasula ndekha pamaso pa akuluakulu, mwa njira yosachititsa munthu manyazi. Bashi Mumbi muziwauza kuti nkhuku sinanenepe. Pamenepo simudzakhala mukunama.

Tsono nkhukuyo iyenera kukhala ndi moyo, ndipo mmene mukuisungiramu sifika Pasaka. Iikeni m'dengu monga ndinalembera. Pamwamba pa dengu muikepo mwala. Pa mabala mupakepo phulusa losakaniza ndi mafuta, chifukwa nkhuku zikaona magazi sizileka. Zodula nthenga ndi kuziwotcha ndi zachabechabe. Nkhuku imene inabwera m'katoni, pa lole, siingadziwe njira ya ku Kitwe ngakhale mutaipatsa mapu.

Dzina limene mwaipatsa ndaliona. Sindinenapo kanthu.

E. K. Chitalu

*

Luwingu, 10 Epulo 1983

Bashi Chilufya,

Ndagwadanso. Tili moyo, kaya inu. Sopo wafika, Mulungu akudalitseni. Mchere tadya osaufunsa tanthauzo.

Makalata anu awiri afika tsiku limodzi atagwirana manja ngati mapasa. Yoyamba ija inagonera kutsidya kwa mlatho umene madzi anakokolola. Ikanakwera lole pamodzi ndi nkhuku ikanafika yakuda, koma ikanafika.

Ndamva, ndipo ndimvera. Ndine yani ine, mkazi wa Sitandade 4, kuti nditsutse munthu wosunga mabuku? Kalaliki sindimupha. Koma mukumbukire kuti kwathu nkhuku sitiilekerera kuti ife yokha. Ikagwetsa mapiko timathamangira mpeni, pakuti yofa yokha ndi ya agalu. Ndipo nkhuku ya malume ikaphedwa mbale zili m'nyumba, ilibe kwina kolowera koma kwa mkamwini. Ine sindingaidye, ana sangaidye. Choncho muzimupempherera Kalaliki. Inenso ndikupemphera, koma mawu a pemphero langa ndi a ine ndi Mulungu.

Malamulo anu tawatsata. Tinamuvundikira ndi dengu. Namfumu anakwera pamwamba pake n'kumutumizira moni kudzera m'mipata, mpaka malaya oyera aja anasintha mtundu. Tinawaza gaga malo awiri. Namfumu amadya apa diso lili apo, ndipo Kalaliki akangoweramitsa mutu amapeza mwini khola wafika kale. Kumsana kwatsala khungu lokha. Dzulo anayenda chammbali ngati wochokera ku mowa wa mawere.

Pa mazira simunaname. Amaikira tsiku lililonse, paliponse pamene dziralo lamupezera: panjira, paphulusa, tsiku lina mu nsapato ya mlendo. Akatero amachoka osacheuka. Kufungatira sadziwa. Ndinati mtundu umenewu ndaudziwa, wongoponya zinthu kumudzi osabwera kudzaona chimene chaswa.

Bashi Mumbi anabwera Lolemba. Anamugwira Kalaliki pachifuwa, akuti, "Bana Lombe, iyi mukuinenepetsa kapena mukuiphunzitsa kusala kudya?"

Ndikuti, "Ndi yachizungu, imanenepera m'kati."

Sanaseke. Akuti, "Mverani, mayi. A kwa Sampa akuti mawere akalowa m'nkhokwe mwana wawo asanadye, adzatenga mbale zawo. Kutsidya kwa dambo kuli mtsikana amene malume ake amakhala pafupi ndipo amayankha ndi pakamwa." Mawere akhwima kale, mlongo wanga. Safika Ogasiti ali m'munda.

Za Kapembwa wanuyo ndawerenga. Akuluakulu anati nkhuku yoweta sagula pamsika. Sampa ndinamuona akukwawa. Pamene Bashi Lombe anatisiya, ndiye anakumba manda, ndipo denga la nyumba ya amayi limene mumalifunsa m'kalata iliyonse ndiye analifolera. Uyo wa mafayiloyo tikumudziwa chiyani? Mwina nayenso anamudula mlomo kuti asamajomphe akuluakulu ake.

Mlongo wanu womvera,
Bana Lombe

*

Luwingu, 19 Epulo 1983

Ba Yama, malume anga,

Ndakugwadirani. Ndikufunsa moyo wanu, wa Bana Chilufya, ndi wa msuweni wanga Chilufya amene analonjeza chithunzi koma sanatumize. Amayi sakudziwa kuti ndalemba.

Ndine amene ndikusamalira nkhuku yanu. M'mawa ndimakafukula chiswe n'kuipatsa pa chigamba cha mphika, chifukwa mlomo wake sutola zinthu pa nthaka youma. Mabala ndimapaka monga munanenera. Yayamba kupalasa pang'ono, ngakhale imapalasa ndi mwendo umodzi n'kuiwala kuyang'ana chimene yafukula. Zinzake zambiri zatopa nayo. Kamsoti kotsimphina kaja tsopano kamagona pambali pa dengu lake.

Vuto ndi mwala. Ndikapita kumadzi ndimapeza mwala wachoka, dengu lapendekeka, Namfumu ali m'kati. Dzana ndinafunsa.

"Amayi, mwala wa padengu wapita kuti?"

"Ndi mphepo, mwanawe."

"Mphepo yonyamula mwala n'kukauika pakhonde?"

"Mphepo ya chaka chino ndi yaudongo."

Anzanga kuchitsime akundiseka. Akuti, "Lombe, ndiwe mtsikana woyamba kufukulira chiswe chinthu chimene chakutsekera ukwati. Ingoiponda mwangozi!" Koma ine sindifuna kulowa m'banja ndi nyama yolanditsa kwa imfa, kuti mawa apongozi azidzati mwana wawo anadyetsedwa nkhuku yodwala. Ndikufuna nkhuku imene malume anga anena ndi mtima wawo.

Ba Yama, sindibisa, Sampa ndimamufuna. Sukulu ya taipi ndi yabwino, ndipo ndikuthokoza. Koma ndaona ndi maso anga zimene zimachitikira mlendo wovala zachilendo pabwalo la eni ake, ndipo ine ku Kitwe ndilibe wondifukulira chiswe.

Chimene ndalembera ndi ichi. Namfumu akakhalabe pabwalo pano, nkhuku yanu siona Ogasiti, ngakhale Meyi ndikukayika. Amayi sangamukhudze mwa okha. Amati ndiye anawasunga pa umasiye wawo, pakuti anapiye ake ndiwo anandilipirira sukulu. Angamvere mawu anu okha, ndipo akhale olembedwa, chifukwa a pakamwa adzati anapita ndi mphepo ija.

Mwana wanu,
Lombe

*

Kitwe, 30 Epulo 1983

Bana Lombe,

Moni kwa nonse. Ndauzidwa ndi munthu wodalirika kuti kwanuko kwabuka mphepo ya manja.

Buku la ulimi wa nkhuku likunena momveka bwino kuti pamene zonse zalandira mlendo koma imodzi yakanitsitsa, imodziyo imachotsedwa. Choncho ine, Evaristo Kangwa Chitalu, malume a Lombe ndiponso mwini mbumba, ndikulamula kuti Namfumu aphedwe tsiku limene kalatayi ifike, aphikidwe ndi kudyedwa, pasatsale chonamizira. Ngati mukuwawidwa ndi kutaya kwanu, muiyese nkhuku yanga kuyambira lero. Ndidzakubwezerani ina yoposa imeneyo.

Kalatayi ndapatsa Ba Mwaba pamanja, girizi kapena ayi.

E. K. Chitalu

*

Luwingu, 6 Meyi 1983

Bashi Chilufya, mwini mbumba,

Ndagona chafufumimba pokuthokozani. Tili bwino tonse, kupatula mmodzi.

Kalata yanu inafika msanga, ili ndi chidindo cha chala cha Ba Mwaba pakona. Popeza maso anga ayamba kuchita chifunga, ndinaitana Bashi Mumbi kuti andiwerengere, ndi amayi awiri a kutchalitchi kuti akhale mboni, chifukwa ndikudziwa kuti mumakonda zinthu za mboni.

Anawerenga mpaka kumapeto. Kenako akuti, "Bana Lombe, pano alemba kuti, muiyese nkhuku yanga."

Ndikuti, "Werenganinso, mwina ndi girizi."

Anawerenganso, chala chikutsata. "Nkhuku yanga. Aphedwe, aphikidwe, adyedwe. Ine malume a Lombe. Alembamo dzina lonse, mayi, ngakhale la ubatizo."

"Tsono titani, Bashi Mumbi?"

"Nkhuku ya malume, yophedwa pa mawu a malume, mbale zili m'nyumba. Imalowa kuti?"

"Musandifunse ine, ndine wa Sitandade 4."

Amayi a kutchalitchi aja anayankha ndi nthungululu.

Namfumu sanapite ngati mwana wa nkhosa. Anatizunguliritsa nkhokwe, anadutsa pakati pa miyendo ya Bashi Mumbi n'kuwagwetsa m'chinangwa, anakwera padenga la amayi n'kutitukwana tonse ali pamwamba. Atagwidwa anandiyang'ana ndi diso lija, ili kenako linali. Ndinalira, mlongo wanga, ndipo apa sindikuseka. Thadzi limenelo linandigulira mchere zaka zimene lole sinkaima pakhomo pano. Koma lamulo ndi lamulo.

Tinamuphika wathunthu monga mwa mwambo, mutu, mapazi, nthutumba ili m'kati, pasapezeke wonena kuti kwa Chitalu amaba ziwalo. Nkhuni zinatha mtolo wonse iye asanagonje. Tinasenza mbale pamutu, ng'oma patsogolo, mpaka kwa a Sampa. Mkamwini wanu anasamba m'manja, nagwada kuyang'ana kumene kuli Kitwe, nayamba kudya. Anatafuna mpaka mitsempha ya m'khosi inaima. Mkulu wake akuti, "Malume amenewa ndi okhwima, taonani ngakhale nkhuku yawo." Sampa anameza, napukuta misozi, akuti, "Nkhuku ya malume sainena kulimba." Anamaliza yonse, kusiya mafupa oyera.

Ukwati tauika mu Ogasiti, pa tchuthi chanu chija, kuti musavutike kupempha china.

Kalaliki ali moyo, monga munalamulira, ndipo Sampa sanalawe ngakhale msuzi wake. Chichokere Namfumu palibe womukhudza. Nthenga zayamba kumera, akudya pakati pa zinzake, dzulo anathamangitsa wachiwiri uja pa gaga. Buku lanu silinaname.

Nkhuku ina imene mwalonjeza ija musatumize. Ndilibenso mwana wina wamkazi.

Mlongo wanu womvera kufikira imfa,
Bana Lombe

*

Kitwe, 12 Seputembala 1983

Bana Lombe, mlongo wanga,

Landirani moni. Ndinafika bwino, ndipo Bana Chilufya akuthokoza chifukwa cha ufa wa chinangwa. Mundidziwitse ngati Lombe wazolowera, ndiponso ngati mkamwini wamaliza kumata nyumba yawo mvula isanayambe.

Kalata yanu ya mu Meyi sindinaiyankhe, chifukwa nditaiyerekeza ndi kope ya kalata yanga sindinapeze ndime yotsutsa. Dzanja langa sindilikana. Ndicho chifukwa chake pa ukwati ndinakhala pa mpando wa malume ndi kulankhula mawu amene malume amalankhula. Sampa ndinamuyang'anitsitsa masiku onse amene ndinali kumeneko. Amagwada bwino, salankhula akulu asanamalize, ndipo njinga yake ili ndi mabuleki onse awiri. Cholakwa sindinachipeze, ngakhale ndinafufuza.

Lombe ndinamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumufunsa ngati ankadziwa chimene chidzatuluke pamene ankandipempha mawu olembedwa. Anayang'ana pansi nati, "Ba Yama, ine ndinangofika Fomu 3." Ndazindikira kuti pakhomo panu maphunziro ochepa ndi chida choopsa.

Tsopano za chakudya chimene munandikonzera tsiku lotsanzika. Mukukumbukira, koma ndikulemba kuti zisadzakhote. Munabweretsa mbale yovundikira, munagwada, munachoka chobwerera m'mbuyo. Nditavundukula ndinapeza nkhuku yathunthu, yonona bwino, ndipo mutu wake unali ndi mlomo wodulidwa kunsonga.

Ndinakuitanani, ndinati, "Bana Lombe, uyu ndani?"

Munati, "Ndi buku lanu, Bashi Chilufya. Apongozi anapatsa Lombe msoti wofiira woti ayambire khola lake, ndipo tinayamba tausunga pabwalo pano. Zonse zinaulandira, koma Kalaliki anakanitsitsa. Mlomo alibe, koma anaukhalira pamsana mpaka kuugwetsera m'ngalande. Imene yakana mlendo imachotsedwa, si mmene munalembera?"

Ndinati, "Nanga si paja nkhuku ya malume imadyedwa ndi mkamwini?"

Munati, "Mkamwini anadya kale yake. Iyi yabwerera kwa mwini."

Ndinadya, pakuti mlendo sabweza mbale. Nthutumba inalimo. Ndikuvomereza kuti munainenepetsa.

Ndawerenganso malamulo onse amene ndinapereka chaka chino, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene simunalitsate. Pa chifukwa chimenechi sindiperekanso ena.

Ba Mwaba akubweretsa bulangete la Lombe, ndipo kalatayi ndaisokerera pa bulangetelo kuti zifike pamodzi. Muitane Bashi Mumbi ndi mboni zanu ziwiri zija, muwawerengere ndime iyi mokweza: ili ndi bulangete chabe. Silikuyankha funso lililonse.

Ndine mlongo wanu,
Evaristo Kangwa Chitalu